Kodi Mpando Umachiza?

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza mkangano kwathu ku Mchinji. Msuweni wanga, yemwe ndi dokotala pa chipatala china cha boma, anabwera kudzatiuza kuti walemba kalata yofunsira mpando wa mkulu woyang'anira zaumoyo m'boma lonse. Amalume, bambo ake, anakondwa nayamba kuwerenga ndi zala: nyumba, galimoto, malipiro okwera. Agogo anangoti chete, akuswa mtedza. Kenaka anadzutsa mutu nati, "Nanga iwe ukakakhala mu ofesimo, odwala aziwagwira ndani?" Msuweni wanga anaseka, koma sanayankhe.

Funso la agogoli ndabwera nalo kuno ku koleji, ndipo ndati ndilitule pamaso panu, awerengi. Kodi n'koyenera kuti munthu amene anaphunzira kuchiza asiye bedi la wodwala n'kukafuna mpando?

Tiyambe tawamvetsa agogo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji. Munthu akadwala ku Mkanda, ku Kochilira kapena ku Kapiri, matenda akakula amayang'ana kuchipatala cha pa boma, ndipo ena amaoloka malire kukafuna thandizo ku Mwami kapena ku Chipata. Madokotala m'dziko muno sanachulukepo. Mpaka 1991, pamene sukulu ya udokotala inatsegulidwa ku Blantyre, aliyense wofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. N'chifukwa chake maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma amachitidwa ndi ma clinical officer. Tsono pamalo pamene dokotala ndi wosowa chotere, kuchotsa mmodzi m'wodi kuli ngati kuzula mzati wa nyumba kuti ukapangire mpando. Ndalama zimene anaphunzirira zinachokera m'misonkho ya alimi a mtedza ndi fodya omwewa, ndipo iwo sanalipirire munthu wosayina mapepala.

Komatu mawu a agogo si onse. Ndili mwana, mayi wina wa m'mudzi mwathu anavutika pobereka pa chipatala china chaching'ono. Namwino anachita zonse zimene akanatha, naitanitsa ambulansi. Yankho linali lakuti mulibe mafuta. Pamene achibale ankapeza galimoto la matola n'kuti kukucha, ndipo mwana sanapulumuke. Usiku umenewo dokotala analipo kuchipatala chachikulu, manja ali osamba, koma luso lake silinathandize kanthu. Chimene chinasowa ndi munthu wa mu ofesi amene akanaonetsetsa kuti mafuta alipo, magazi ali m'firiji, ndiponso mankhwala sakutulukira khomo lakuseri. Dokotala wa m'wodi amapulumutsa munthu mmodzi pa nthawi. Woyendetsa bwino chipatala amapulumutsa anthu amene sadzawaona nkhope, ndipo iwonso sadzamuthokoza. Nanga ntchito yoteroyo tiisiyire anthu amene sanaonepo mayi akutaya magazi?

Ndiye kuti kufuna mpando pakokha si tchimo. Mbiri yathu ikuvomereza. Dr Daniel Malekebu, amene anaphunzira udokotala ku Meharry ku America, anabwerera mu 1926 nadzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu, yomwe inatsekedwa pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915. Dr Kamuzu Banda, wophunzira pa sukulu yomweyo, anasiya odwala ake kunja mu 1958 n'kudzatsogolera ndale. Onsewa anali madokotala amene anakhala pa mipando. Zimene aliyense anachita nawo mpandowo n'zimene timawaweruza nazo, osati kukhalapo kwawoko.

Vuto ndikuliona pawiri. Poyamba lili pa makwerero enieniwo. Ngati njira yachidule yopezera malipiro abwino ndi ulemu ili yochoka m'wodi, ndiye kuti tikuuza dokotala wachinyamata kuti kugwira odwala ndi ntchito yongodutsirapo. Akachoka m'wodi apita mu ofesi ya m'boma, akachoka apo ayang'ana ku Capital Hill, kenaka ku mabungwe olipira madola, mwinanso kutsidya kwa nyanja. Makwerero onse akuloza kutali ndi Mkanda. Bwanji osakonza kuti amene wasankha kukalambira m'chipinda cha opaleshoni nayenso azikwera, osasiya mpeni wake?

Kachiwiri lili pa kasankhidwe. Amene amalemba anthu ntchito za utsogoleri amaona masatifiketi, zaka zimene munthu wagwira, ndi Chingerezi chake pa tsiku la mafunso. Izi n'zofunika, sindikutsutsa. Koma ndani amafunsa anamwino ngati munthuyu amadzuka akaitanidwa pakati pa usiku? Ndani amafunsa ngati angathe kukaniza munthu wamkulu wofuna kubwereka ambulansi kuti akanyamulire chimanga? Pepala silionetsa zimenezi, chonsecho utsogoleri wa chipatala wagona pamenepa.

Choncho funso loti munthu adzifunse si lakuti "ndikwere kapena ndisakwere," koma lakuti "mpandowu ndikuufuniranji?" Pali wofuna mpando chifukwa watopa ndi fungo la m'wodi, ndipo pali wofuna mpando chifukwa watopa ndi kuona anthu akufa imfa zopeweka. Makalata awo ofunsira ntchito amafanana mawu ndi mawu. Kusiyana kwawo kumaoneka pakapita chaka, tikaona ngati bwanayo amalowabe m'wodi, kapena amangodutsa pa zenera popita ku msonkhano wa kunyanja. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Tsiku lonyamuka, msuweni wanga anagwada pafupi ndi agogo kutsanzika. Anawalonjeza kuti akampatsa mpandowo, tsiku limodzi pa sabata azikhala m'wodi, zivute zitani. Agogo sanavomere, sanakanenso. Anangomupatsa kathumba ka mtedza nati, "Tidzamva kwa odwala." Zotsatira za mafunso sizinatuluke, koma ine ndikuganiza kuti pa onse amene adzamuyese msuweni wangayo, palibe amene adzafunse funso lovuta kuposa la agogo.