Ndani watchera wotchiyo?

M'mafoni ambiri amene achinyamata a kwa Nchilamwela ku Thyolo amayenda nawo muli kawotchi kowerenga nthawi chobwerera m'mbuyo, ndipo kena kotere kamapezeka kwaulere pa intaneti. Ukakapatsa mphindi 25, kamazidya imodziimodzi mpaka kulira. Wa Fomu 4 wokonzekera mayeso a MSCE amakatchera powerenga, monga mwa njira imene Francesco Cirillo wa ku Italy anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kachipangizoka n'kakang'ono, koma kamadzutsa funso lakale la chikhulupiriro: kodi nthawi imene ikutha pagalasipo mwini wake ndani? Maganizo anga ndi akuti nthawi tinachita kubwerekedwa ndi Mulungu, choncho n'koyenera kuiwerengera pa ntchito, koma n'kulakwa kuiwerengera pa munthu mnzako.

Anthu a ku Thyolo safunika kuphunzitsidwa kuwawa kwa nthawi yowerengedwa ndi wina. M'masiku a thangata, mabanja okhala m'malo a azungu, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo ndi thukuta. Mwezi wa ntchito unkatha pamene tikiti yadzaza, ndipo wochonga tikitiyo anali kapitawo. Mkwiyo wa nkhani ya malo ndi thangata unaphulika m'boma lino mu 1953, ndipo thangatayo anathetsedwa mu 1962. Lero Lamulo la Ntchito la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, komabe wothyola tiyi amadziwa kuti tsiku lake limayezedwa pa sikelo, m'makilogalamu. Tikakumbukira mbiri imeneyi, wotchi yotchera wekha ili ndi ulemu wake. Mtsikana akaitchera kuti awerenge masamu asanapite kukatunga madzi, palibe amene wamuyimirira kumbuyo. Wadzipatsa yekha mgwazo, ndipo belu likalira, phindu ndi lake.

Ena opemphera amakayikira. Amati kuwerenga mphindi n'kusakhulupirira, popeza mawa ali m'manja mwa Chauta. Koma Salimo 90 limapempha Mulungu yemweyo kuti atiphunzitse kuwerenga masiku athu, ndipo cholinga chake ndi nzeru. Wobwereka khasu la mnzake amalisamala kuposa lake, chifukwa akudziwa kuti adzalibweza. Ntchito zinanso zili ndi nthawi yake m'chilengedwe chake. Tsamba la tiyi likathyoledwa liyenera kufika kufakitale lisanatenthe m'matumba, ndipo likapotedwa lili ndi mphindi zake zosinthira mtundu lisanaumitsidwe. Ku Satemwa, kumene tiyi walimidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1920, wophonya mphindi zimenezo amawononga thukuta la anthu ambiri. Pamenepo wotchi ndi chilungamo kwa amene anathyola.

Ngozi imayamba pamene munthu wazolowera kuona chilichonse chikuthamangira ku ziro. Kawotchika kamaphunzitsa mtima kuti mphindi yosabala kanthu yatayika, ndipo mtima wophunzira zimenezi umasanduka kapitawo wa mwini wake. Umayamba kufunsa kuti kuzonda wodwala kudya mphindi zingati, kumvetsera agogo kubweretsa chiyani. Komatu pa siwa anthu amachezera usiku wonse popanda chimene chikupangidwa, ndipo palibe wa kuno amene anganene kuti usikuwo wapita pachabe. Chisoni cha namfedwa sichikhala ndi mapeto odziwika amene ungawatchere. Mlandu wa pabwalo la amfumu umatha pamene onse amva ndipo amvedwa. Zimenezi zimatha zikakhwima, ndipo kuzidula ndi belu n'kunena kuti munthu wakhala patsogolo pakoyo ndi ntchito yoti ichoke.

Wina adzati: kodi si maganizo amenewa amene amatichedwetsa, mpaka msonkhano wa 8 koloko kuyamba 10? Dandauloli n'loona, ndipo kuchedwa kotere sikuyenera kubisala m'dzina la chikhalidwe. Wochedwa wadya nthawi ya omudikira, ena mwa iwo ataya ganyu kuti abwere. Koma yankho lake likuchokera pa mfundo yomweyi. Ukadzitchera wotchi kuti ufike msanga, wadziletsa wekha chifukwa cholemekeza anzako. Ukaitchera pa mnzako kuti amalize kulira kapena kulankhula, wamuchepetsa. Chipangizo n'chimodzi, kusiyana kuli pa amene wamangidwa nacho.

Umboni wina uli m'boma lomweli, ku Malamulo, mishoni imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902. Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa Lachisanu n'kutha likalowa Loweruka, ndipo ola lake limasuntha ndi nyengo. Asilamu nawonso amatsata dzuwa pa nthawi zawo zisanu za swala. Ambiri a iwo amagwiritsa ntchito foni kuti adziwe kuti kwatsala mphindi zingati, ndipo palibe cholakwa, chifukwa foniyo ikungolengeza malire amene sinawaike. Wa Adiventisti akamawerenga mphindi zotsala Lachisanu madzulo, amafulumira kumaliza kuphika ndi kusita kuti alowe m'tsiku limene mgwazo mulibe, limene mwini esiteti ndi wothyola tiyi amapuma mofanana.