Mawu a Ndani Alemere Pomanga Wodi?

Nkhani ya kamangidwe ka wodi ya chipatala ili ndi funso lakuya m'kati mwake: amadziwa bwino zosowa za wodwala ndani, iye mwini kapena womusamalira?

Kwa nthawi yaitali mawu olemera anali a osamalira. Namwino Florence Nightingale analimbikitsa mawodi ataliatali a mabedi pafupifupi 30, okhala ndi mawindo mbali zonse ziwiri kuti mpweya uzidutsa, ndipo chipatala cha St Thomas' ku London chinamangidwa motero ndi kutsegulidwa mu 1871. Namwino ankaona odwala onse ataima malo amodzi. Moyo unkatetezeka, koma munthu ankabuula, kudzithandiza ngakhale kutsirizika anzake akumva.

Ganizo lina ndi lija la mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Manyazi ndi mantha palibe chida chimene chimawayeza, choncho zonena za wodwala ndi umboni weniweni, osati madandaulo chabe. Zimene wodwala amaona zimakhudzanso kuchira kwake: mu 1984 wofufuza Roger Ulrich anasonyeza kuti pa chipatala china ku Pennsylvania, odwala ochitidwa opaleshoni ya ndulu amene windo lawo linkayang'ana mitengo ankatuluka msanga kuposa amene ankangoona khoma la njerwa.

Nkhani imavuta pamene mbali ziwirizi zasemphana. Chipatala cha Tunbridge Wells ku England, chotsegulidwa mu 2011, chinapatsa wodwala aliyense chipinda chakechake. Odwala ambiri anakondwera nazo chifukwa cha ulemu ndi bata, ngakhale ena anasungulumwa. Anamwino ambiri anadandaula kuti sakuwaonanso bwino odwala awo ndiponso akuyenda mtunda wautali pa ntchito.

Pamenepa kungowerenga kuchuluka kwa anthu sikokwanira. Amene amayankha mafunso a kafukufuku ndi odwala amene akupezako bwino. Wokomoka, khanda ndi gogo wosokonezeka maganizo alibe mawu. Namwino akamaumirira kuti bedi lililonse lizioneka, amalankhulira anthu amenewa, ngakhale kuti nayenso akhoza kuyesa kupepuka kwa ntchito yake ubwino wa wodwala. N'chifukwa chake omanga ena amasakaniza zipinda za munthu mmodzi ndi za mabedi anayi, ndi kuika magalasi pazitseko.

M'Malawi muli munthu wachitatu woyenera kufunsidwa, ndiye gadiyani. Iyeyu ndi amene amadyetsa wodwala, kumusambitsa ndi kukaitana namwino usiku, komabe m'mawodi ambiri alibe malo, moti amayala chitenje pansi pafupi ndi bedi kapena m'khonde.