Zimene Munthu Amaona Pagalasi

Pamsika wa Embangweni, monganso m'misika ya m'tauni, pakati pa sopo ndi zitenje pamapezeka timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu. Tina timabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, pakuti ku Mzimba mabanja ambiri ali ndi mwana kapena bambo amene akugwira ntchito ku South Africa. Mtsikana wogula kabotolo kotere sakudwala ayi, khungu lake n'losalala bwinobwino. Komabe akaima pagalasi amaona chinthu chofunika kukonza. Kodi cholakwikacho chili pankhope pake, kapena m'maganizo mwake?

Mbiri ya dera lomwelo ingathandize kuyankha. Pamene Donald Fraser ankatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, Angoni ankadziwika ndi makutu oboola. Ngakhale munthu wa mtundu wina akalowa Chingoni ankamuboola makutu, ndipo chibowocho chinkamupatsa malo pakati pa anzake. Sukulu ndi ntchito za m'tauni zitafala, mwambowo udazilala, moti zimene agogo ankanyadira, mdzukulu lero angachite nazo manyazi. Khutu ndi lomwe lija. Chidasintha ndi zimene anthu ankanena za khutulo.

N'chimodzimodzi ndi nkhope. Galasi limangobweza kuwala, silidziwa kukongola kapena kunyansa. Amene amagamula mlandu ndi munthu woimayo, ndipo amagamula ndi mawu amene adamva kale. Mwana amene azakhali ake ankamutcha "chakuda iwe" uku akuyamikira mng'ono wake woyererapo, amafika pagalasi atalandira kale chigamulo. Zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp, zimene foni yaziyeretsa ndi kuzisalaza, zimangotsimikiza chigamulocho. N'chifukwa chake anthu awiri ofanana maonekedwe, wina amayenda momasuka, wina amabisala kumbuyo pojambulitsa.

Wina angafunse kuti, nanga kudzikongoletsa n'kulakwa? Iyayi. Mayi amene wasita chitenje chake ndi kuluka tsitsi pokonzekera Misa akulemekeza thupi limene adapatsidwa. Kusiyana kuli pa chimene chikumukankha munthu. Wodzisamalira amayamba ndi kuvomera kuti thupi lake n'labwino, ndiye amalisamala. Wodzikana amayamba ndi kukhulupirira kuti thupilo lidalakwika, ndiye amalolera kulipweteka. Ambiri mwa mafuta oyeretsawa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala a steroid. Akadzoledwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu ndi kusiya zigamba zakuda zovuta kuchiza, ndipo mercury amawononga impso. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, ndipo Rwanda idayamba kuchotsa mafuta otere m'misika mu 2018.

Kuyera khungu pakokha sikubweretsanso mtendere umene wogulayo akufuna. Kuyambira cha mu 2014, anthu a khungu lachialubino m'Malawi muno akhala akusakidwa, kubedwa ndi kuphedwa. Dziko limene limauza mtsikana wakuda kuti ayere ndi lomwelo limene limanyoza mwana wachialubino. Overstone Kondowe, amene adatsogolerapo bungwe la APAM, adakana kudziona monga ankamuonera onyozawo. Adaima pamaso pa anthu kupempha mavoti, ndipo mu 2021 adasankhidwa kukhala phungu wa Nkhotakota North East, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino.

Mpingo uli ndi mboni yake pa nkhaniyi, Josephine Bakhita Woyera. Adabedwa ali kamtsikana ku Darfur, m'dziko la Sudan, ndipo chifukwa cha mantha adaiwala ndi dzina lomwe makolo adamupatsa. Mmodzi wa omugula adamutemera mphini 114 pathupi n'kuthiramo mchere kuti zipsera zisafufutike. Atabatizidwa ku Venice mu 1890 zipserazo sizidachoke, adafa nazo ku Schio pa 8 February 1947. Koma adaleka kudziona ngati katundu wogulitsidwa, nadzidziwa kuti ndi mwana wokondedwa ndi Mulungu, ndipo anthu a ku Schio adamukumbukira chifukwa cha kufatsa ndi kumwetulira kwake. Mpingo udamulengeza woyera mu 2000. Ichi ndicho chiphunzitso cha Genesis 1:27, chakuti ulemu wa munthu umachokera kwa Iye amene adamulenga m'chifaniziro chake, ndipo palibe chipsera kapena mtundu wa khungu umene ungauchotse.

Ngati mawu ndiwo amatsogola pagalasi, udindo waukulu uli pa olankhula. Kuuza mtsikana kuti ataye kabotolo n'kosavuta, koma adzagula kena ngati kunyumba akumvabe nthabwala zomwe zija. Kholo, mphunzitsi wa katekisimu, mtsogoleri wa kwaya posankha oima kutsogolo, ndi akuluakulu a m'Miphakati onse amaumba momwe mwana adzadzionere. Akale adati kuwongola mtengo n'poyamba. Mwana amene akuseweretsa buku la nyimbo pabenchi lero sadziwa ngati ali wokongola kapena ayi. Adzamva kwa amene akhala naye pafupiwo.