Kodi Nzeru ya M'kope la Zophika ndi ya Yani?

Chiponde ndi malo a malonda a m'boma la Mangochi, kupitirira Namwera, pa malire a Malaŵi ndi Mozambique moyang'anana ndi Mandimba. Kumeneko, monganso m'madera ena a dziko lino, amayi ena ankasunga makope a zophikaphika olembedwa pamanja, ofiira ndi utsi, a madontho a mafuta m'masamba mwake.

Makope otere anachuluka mu ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, pamene alangizi a zapakhomo, ena mwa iwo ophunzitsidwa ku Magomero, ankasonkhanitsa amayi ndi kuwaphunzitsa kusoka, ukhondo ndi kuphika. Mayi wodziwa kulemba ankalemba miyeso ya ufa, shuga ndi soda, pamodzi ndi kaphikidwe ka mandasi, masikono, chigumu ndi zitumbuwa.

Kope lotere limadzutsa funso lovuta. Ngati mayi wogulitsa mandasi pa msika wa pa malire wapemphedwa ndi mnzake kuti amubwereke kope lake, kodi akulakwa akakana?

Anthu ena amati sakulakwa. Mandasi akewo ndiwo amagula mchere, sopo ndi yunifolomu ya ana. Iye anawononga ufa wambiri asanapeze muyeso woyenera. Akaulula lero, mawa mnzakeyo adzakhazika beseni lake pambali pake, ndipo ogula adzagawikana. Maganizo amenewa si opepuka, pakuti njala ya ana ake palibe wina amene adzaimve.

Komabe m'pofunika kufunsa kumene nzeru ya m'kopemo inachokera. Ina anaipereka mlangizi kwaulere. Ina inachokera kwa agogo, apongozi ndi anansi amene ankadziwa kufulula thobwa ndi kutendera ndiwo, koma sankagwira pensulo chifukwa atsikana ambiri sankapita patali ndi sukulu maphunziro aulere a pulayimale asanayambe mu 1994. Motero wolembayo anali msungi wa chuma cha anthu ambiri. Kuchitcha chake yekha chifukwa choti anali ndi mwayi wodziwa zilembo ndi kuiwala amene anamuphunzitsa.

Kuwonjezera apo, kope silinena zonse. Silingauze munthu kuti mafuta atentha mokwanira, kapena kuti nkhuni zachuluka pa mafuwa. Zimenezi mwana amaziphunzira atakhala pafupi ndi wophika. Kope lotsekeredwa m'sutikesi limadyedwa ndi chiswe, ndipo mwini wake akamwalira, ana amapeza mapepala amene sangawamasulire.

Choncho yankho labwino liyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Mayi angathe kubisa kachinsinsi kamene kamakometsa malonda ake, chifukwa ndi thukuta lake. Koma sayenera kumana mnzake nzeru yosunga moyo, monga kakonzedwe ka phala lotsira nsinjiro la mwana wonyentchera. Ndipo ngakhale chinsinsi cha malondacho ayenera kuchisiya m'manja mwa wina, kaya mwana wake, mdzukulu kapena mphwake, iye akadali ndi mphamvu zoonetsa.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ufa ukagawidwa umachepa m'dengu, koma mayi amene waphunzitsa mnzake kuphika amabwerera kwawo akudziwabe zonse zimene ankadziwa. Tsiku limene manja ake adzafooke, adzadya chigumu chokoma kuchokera kwa amene anawaphunzitsa.