Ukwati Waung'ono Inde, Ukwati Wobisa Ayi

Pali funso limene achinyamata akulifunsa kawirikawiri m'maphunziro a ukwati masiku ano: kodi n'zotheka kumangitsa ukwati ku paki, pansi pa mitengo, pali makolo ndi abale ochepa chabe? Ena amatchula Botanical Garden ya ku Lilongwe, ena pamwamba pa phiri la Zomba pafupi ndi damu la Mulunguzi. Aona zithunzi pa Instagram ndi TikTok za anthu awiri atavala bwino, udzu wobiriwira, popanda holo, popanda komiti.

Chimene chikuwakankha achinyamatawa n'chomveka. Tonse tikudziwa pamene ukwati wa m'tauni wafika. Chinkhoswe chokha chasanduka ukwati wathunthu. Kenako pakubwera bridal shower, holo, DJ, mdipiti wa galimoto, mayunifolomu, ndi perekaniperekani wa maola atatu amene mkwati amamwetulira miyendo itatupa. Banja limayamba ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ena mpaka ya katapila. Choopsa kwambiri n'chakuti m'miphakati mwathu muli mabanja amene akhala limodzi zaka zisanu, khumi, ana akula, koma iwo salandira Ukaristia chifukwa akuti ndalama ya ukwati sinakwane. Lamulungu lililonse amatsala pa benchi anzawo akupita ku guwa. Tawatsekera Sakramenti ndi mtengo wa keke.

Papa Francis, m'kalata yake ya Amoris Laetitia ya mu 2016, analimbikitsa otomerana kuti asamezedwe ndi zovala ndi maphwando, koma alimbe mtima kusankha mwambo wosalira zambiri. Choncho wofuna ukwati waung'ono sakutsutsana ndi Mpingo. Mwa lamulo lake, anthu ofunika kuti ukwati ukhale woona ndi asanu okha: mkwati, mkwatibwi, wansembe kapena dikoni wokhala ndi mphamvu yake, ndi mboni ziwiri. Zili mu kanoni 1108. Ndipo opatsana Sakramentili ndi okwatiranawo eni ake, pamene akuvomerana poyera. Wansembe amalandira kuvomeranako m'dzina la Mpingo ndi kudalitsa.

Nanga mbonizo n'zachiyani, ngati Sakramenti amapatsana awiriwo? Apa mbiri ikutithandiza. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, mnyamata ndi mtsikana ankatha kulonjezana okhaokha kuseri, ndipo ukwatiwo unkawerengedwa kuti ndi woona. Mavuto ake mungawaganizire nokha. Mwamuna akatopa ankangokana kuti sanalonjezepo kanthu, n'kukakwatira wina pamaso pa anthu. Mkazi woyamba ankatsala ndi mwana m'manja, wopanda womuchitira umboni. Mu 1563 Msonkhano wa ku Trent unatseka khomo limeneli polamula kuti ukwati uzimangidwa pamaso pa wansembe wa parishi ndi mboni. Lamulo limene ena amaliona ngati chipsinjo linabwera kudzateteza wofooka. Makolo athu anafika pa nzeru yomweyo mwa njira yawo: ukwati wopanda ankhoswe ankautcha kulowana chabe, ndipo zikavuta panalibe kokadandaula.

Tsono za malo. Kanoni 1118 ikuti ukwati wa Akatolika, kapena wa Mkatolika ndi mkhristu wobatizidwa wa mpingo wina, uchitikire m'tchalitchi cha parishi. Ungathe kuchitikira m'tchalitchi china kapena m'chapelo ngati bambo mfumu kapena Ambuye Episkopi alola. Malo ena osakhala tchalitchi amafuna chilolezo cha Ambuye Episkopi kapena owaimira. Khomo lilipo ndithu, koma silitsegulidwa chifukwa chakuti majakaranda achita maluwa. Pamafunika chifukwa chenicheni, ndipo pempho limadzera kwa bambo mfumu. Mkatolika akangoitana mnzake kapena mbusa wina kuti awalumbiritse ku paki popanda chilolezo, zithunzi zidzakongola, koma pamaso pa Mpingo ukwati sunamangidwe.

Wina anganene kuti phiri ndi mitengo analenganso ndi Mulungu yemweyo, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera kuno mu 1989 anachita Misa pabwalo ku Blantyre. N'zoona. Koma Misa ija inatulukira panja chifukwa anthu sakanakwana m'tchalitchi chilichonse. Ukwati wa ku paki kawirikawiri umatulukira panja kuti anthu asaudziwe. Dzifunseni moona mtima: mukuthawa ndalama, kapena mukuthawa maso? Ngati pali malume amene akutsutsa, kapena wina amene munamulonjezapo kale, kapena mwana amene mnzanu sakumudziwa, udzu wobiriwira sudzakwirira zimenezo.

Ine ndimaonanso chifukwa china chosavuta. Ku paki mudzabwererako mwina kamodzi pachaka. Pa guwa limene munalumbirapo mudzaliona Lamulungu lililonse, ngakhale Lamulungu limene mwabwera ku Misa musakulankhulana. Pomwepo mudzabatizitsa ana anu.

Zotheka n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Mungathe kupempha bambo mfumu ukwati wa m'mawa, ngakhale mkati mwa sabata, anthu khumi ndi awiri, kwaya ya mphakati wanu kapena popanda kwaya. Misa ikatha, nyamukani ndi mpunga ndi nkhuku zanu mukadyere ndi kujambulitsa ku paki kuja. Yambani mwafunsa oyang'anira malowo ngati amalola gulu ndi kujambula, ndiponso ngati pali malipiro. Kumbukirani kuti kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula sipangana ndi munthu, ndipo agogo amene mukufunitsitsa kuti akhalepo sangatsetsereke pa miyala ndi ndodo yawo.

Chimene sichichepa ndi kukonzekera. Ankhoswe akumane, mphakati udziwe, maphunziro a ukwati muwatsirize, ndipo ukwati ulengezedwe m'tchalitchi kuti wodziwa choletsa alankhule nthawi isanathe. Kulengeza sikutanthauza kuti aliyense womva waitanidwa ku chakudya. Apa mawu akubwera kwa ife enafe, makamaka azakhali ndi amalume. Mwana akasankha ukwati wa anthu ochepa, tisayambe kunong'onezana kuti pali pathupi kapena kuti mkamwini ndi wosauka. Manong'onong'o amenewa ndi amene akusunga mabanja ambiri kutali ndi Ukaristia.

Amene mukuganiza za ukwati chaka chino, fikani ku ofesi ya parishi musanalipire wojambula kapena telala. Bwerani ndi kalata ya ku mphakati ndi umboni wa ubatizo wanu. Ngati munabatizidwira kumudzi, ku Nsanje kapena ku Karonga, tumizani uthenga ku parishi yakwanuko msanga, chifukwa kufufuza dzina m'mabuku akale a ubatizo kumatenga masabata.