Kodi Wamthenga Amlipire Ndani?

Pa magombe a ku Mangochi pali mwambo wakale. Khoka likatuluka m'madzi, nkhalamba yosatha kugwira chingwe imapatsidwako nsomba za ndiwo, ndipo palibe msodzi amene amabwezapo imodzi nanena kuti, "Iyi ndi ya dzanja limene lakupatsirani." Boma nalonso lili ndi thandizo lotere, lotchedwa Mtukula Pakhomo, limene linayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndi kufika m'maboma onse 28 m'chaka cha 2018. Olandira ndiwo mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga okalamba, olumala, odwala nthawi yaitali, ndi ana amasiye olerana okhaokha.

Poyamba ndalamazi zinkaperekedwa pamanja, anthu atandanda padzuwa. Pambuyo pake m'maboma ena anayamba kuzitumiza ku banki kapena pa lamya ya m'manja, pakuti Airtel Money inabwera m'chaka cha 2012 ndipo TNM Mpamba m'chaka cha 2013. Njira yatsopanoyi ili ndi ubwino wake, chifukwa ndalama sizidutsa m'manja ambiri. Koma wamthenga ameneyu sayenda ulere. Banki imadula kangachepe posunga ndalama, imadulanso pamene mwini wake akutapa. Ndipo kumene boma silinapangane ndi banki za wolipira, kangachepeko kamachoka pa ufa wa wolandirayo.

Mwini banki sali wakuba ai. Alonda, makalaliki ndi galimoto zonyamula ndalama zonse zimafuna malipiro, ndipo iye anganene moona kuti amadula mofanana kwa munthu aliyense, wosayang'ana nkhope. Koma kodi kufanana ndiko chilungamo? Mwachitsanzo, K500 ikadulidwa pa K500,000 ya wamalonda wogula chambo, iye wataya gawo limodzi la magawo 1,000, ndipo sadziwa n'komwe. K500 yomweyo ikadulidwa pa K10,000 ya gogo wolera adzukulu, wataya gawo limodzi la magawo 20. Katundu ndi mmodzi, koma makosi osenza ndi osiyana. Ndiponso wamalondayo anasankha yekha kupita ku banki, atawerengera phindu lake, ndipo ikamkwiyitsa akhoza kuchoka. Gogo uja sanasankhe. Anangouzidwa kuti ndalama zake zidzadzera kumeneko.

Palinso malipiro ena osalembedwa m'buku lililonse. Mabanki ali ku boma ndi m'malo ochepa a malonda, koma munthu wa ku Makanjira, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, ali kutali, ndipo msewu wake umavuta nthawi ya dzinja. Wokalamba amene sadziwa kuwerenga amatuma mdzukulu, ndipo wotumidwayo naye amayembekeza kenakake. Chotero munthu wanzeru amatapa zonse tsiku limodzi kuti asadulidwe kawiri, nazimanga pa nsonga ya chitenje. Pamenepo cholinga chophunzitsa osauka kusunga ndalama chafa, ndipo chaphedwa ndi nyumba yomwe yosungira ndalama.

A Malawi anaonetsa kale kuti nkhani yotere amaimva. M'chaka cha 2019 boma linafuna kuika msonkho wa 1 pa 100 pa ndalama zotumizidwa pa lamya, koma anthu atadandaula kuti udzapweteka osauka amene alibe mabuku ku banki, linausiya. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo ndalama iliyonse yotsala m'dzanja la wosauka inayamba kugula zochepa koposa kale.

Mayi akatuma mwana kukapereka ndiwo kwa apongozi ake, samuuza kuti adyeko panjira monga malipiro. Amadyetsa mwanayo kunyumba, ndipo mbale imafika yodzaza. Boma ndi abwenzi ake akunja, amene amaika ndalama mu Mtukula Pakhomo, ndiwo anasankha wamthenga, ndipo ndiwo ali ndi mphamvu yotsutsana naye mtengo, popeza amambweretsera anthu zikwizikwi nthawi imodzi. Gogo wa ku Namwera ataima yekha pa zenera la banki sangatsitse ngakhale tambala imodzi.