Za Mankhwala ndi Dzanja Lowapereka

Tilingalire chodabwitsa ichi. M'chaka cha 1978 madokotala a ku San Francisco anabaya anthu ozulidwa mano jekeseni wa madzi amchere chabe, ndipo ena ululu unawachepera. Pakuti thupi, pokhulupirira kuti lasamalidwa, lidzipangira lokha zoletsa kupweteka. Madziwo sachiza malungo, iai. Wodwala malungo timnyamulire ku chipatala cha Holy Family. Koma ngati kungoona dzanja lothandiza kuchepetsa ululu, titani nazo nkhalamba zimene zinatsala zokha m'tsinde mwa Michesi, namondwe Freddy atapita mu 2023? Zina tizitcha mfiti, ndi kulambalala makomo ao. Kodi sindife tizionjezera zowawa? Ngakhale ife ophunzitsa Mau, takhala miyezi osakhalako pa mphasa zao.